Mmene mungawonjezere query var yanu mu WordPress pogwiritsa ntchito hook

WordPress siilandira dzina lililonse limene lalembedwa kumapeto kwa URL. Ili ndi mndandanda wa mayina amene imawadziwa, otchedwa ma query var, monga p, s, cat, author ndi paged, ndipo pamene function yake ya parse_request ikuwerenga adiresi imatola okhawo amene ali pa mndandandawo, ena onse n'kuwasiya. N'chifukwa chake mwini sitolo ya mabuku akalemba ?sitolo_mtundu=ndakatulo amapeza kuti get_query_var, function yowerengera mayinawa, sikumubwezera kanthu, ngakhale kuti mawuwo akuoneka bwinobwino pa adiresipo.

Njira yoyenera ndi kulembetsa dzinalo kudzera mu filter yotchedwa query_vars. Hook ndi malo amene WordPress imalola kodi yanu kulowererapo, ndipo filter ndi mtundu wa hook umene umasintha zinthu WordPress isanazigwiritse ntchito. Lembani mizere iyi mu plugin yanuyanu kapena mu functions.php ya child theme (theme yaing'ono yodalira theme yaikulu), pakuti zolembedwa mu theme yaikulu zimafufutika theme ikangosinthidwa ndi yatsopano:

function sitolo_mayina( $vars ) {
    $vars[] = 'sitolo_mtundu';
    return $vars;
}
add_filter( 'query_vars', 'sitolo_mayina' );

Mzere wa return usaiwalike, chifukwa filter imalandira mndandanda wonse ndipo iyenera kuubweza. Ikapanda kutero, ngakhale mayina a WordPress eniake amasowa ndipo masamba amaleka kutseguka molondola.

Pamene pamafunika kusamala kwambiri ndi posankha dzina. Mayina monga year, name, page ndi order ali kale ndi ntchito yake mkati mwa WordPress, moti mukatenga year kuti muzisankhira mabuku malinga ndi chaka chimene anasindikizidwa, WordPress imamva kuti mukufuna nkhani zimene zinaikidwa pa webusaiti m'chakacho, ndipo ikapanda kuzipeza imaonetsa 404, uthenga wonena kuti tsamba silinapezeke. Vuto lotereli limathetsa nzeru chifukwa kodi yonse imaoneka yolondola. Ine ndimalimbikitsa kuti dzina lililonse liziyamba ndi mawu oimira plugin yanu, monga sitolo_ pamwambapa, kuti lisawombane ndi la plugin ina.

Dzina likalembetsedwa, liwerengeni ndi get_query_var( 'sitolo_mtundu' ). Kulembetsa sikutanthauza kuti zimene zabwera nzodalirika, popeza aliyense angathe kulemba chimene akufuna pa adiresi. Ngati mukuyembekezera nambala, idutsitseni mu absint. Ngati ndi liwu lalifupi, gwiritsani ntchito sanitize_key, ndipo musanalionetse pa tsamba lidutse mu esc_html. Kuti dzinalo lisinthe zimene tsamba likuonetsa, gwiritsani ntchito action ya pre_get_posts (action ndi hook imene imayendetsa kodi yanu pa nthawi inayake), koma yambani mwatsimikiza ndi is_main_query ndiponso is_admin kuti simukukhudza ma widget kapena mbali ya oyang'anira webusaiti.

Filter yomweyi imathanso kuchotsa dzina. Ena amachotsa author pogwiritsa ntchito array_diff pofuna kuti alendo asadziwe mayina olowera a olemba polemba ?author=1, koma chitani zimenezi pokhapokha ngati is_admin ikubweza false, chifukwa oyang'anira amadalira dzinali posankha nkhani za wolemba mmodzi.

Amene akufuna adiresi yooneka bwino, monga /mabuku/ndakatulo/, awonjezere add_rewrite_rule pa action ya init, ndipo lamulolo lizilozera ku index.php?sitolo_mtundu=$matches[1], pamene $matches[1] ikuimira liwu lotengedwa pa adiresi, monga ndakatulo. Lamulo latsopano siligwira ntchito kufikira mutalowa ku Settings, kenako Permalinks, n'kudina Save Changes kamodzi. Musaike flush_rewrite_rules pa init, chifukwa WordPress idzakhala ikulembanso malamulo onse nthawi iliyonse tsamba likatsegulidwa; malo ake ndi mu register_activation_hook ya plugin yanu.