Kukanena nkhani yogulitsa ana ku United States: zoyenera kuchita

Mwana akakhala pangozi nthawi yomweyo, imbani 911. Kupanda apo, lembani pa tips.fbi.gov kapena imbani National Human Trafficking Hotline pa 1-888-373-7888. Zapaintaneti kanenani ku CyberTipline ya NCMEC (bungwe loona za ana osowa ndi ozunzidwa), yomwe inayamba mu 1998 ndipo imapereka malipoti kwa apolisi. Milandu ikuluikulu amaifufuza a FBI ndi a Homeland Security Investigations.

Ambiri amaphonya pa umboni. Musafufute mauthenga, ndipo musanatseke akaunti ya munthu amene mukumuganizirayo lembani dzina lake la pa intaneti, nambala ya foni, tsiku ndi nthawi. Koma zithunzi zolaula za mwana musazikope, musazitumize kwa wina aliyense, ngakhale m'bale kapena abusa, chifukwa kuzisunga kapena kuzigawa ndi mlandu paokha. Foni yomwe muli umboniyo ingoisungani osaigwiritsanso ntchito, ofufuza ndiwo adzaitsegule.

Mwana musamupanikize ndi mafunso. Lembani mawu ake monga wawanenera, basi. Akafunsidwa kambirimbiri amasokonezeka, ndipo kukhoti maloya amanena kuti anachita kuuzidwa zonena. Katswiri amakamufunsa ku Children's Advocacy Center, malo othandiza ana ozunzidwa, kawirikawiri akujambula.

Lamulo la Trafficking Victims Protection Act la 2000 limati pa milandu yogulitsa ana kuti azigonedwa, ngati mwana sanakwane zaka 18, sipafunika kutsimikiza kuti anakakamizidwa kapena kunamizidwa. Mwana wochokera kunja angathe kupempha T visa, chilolezo chokhala m'dzikolo cha anthu amene anagulitsidwa, choncho mantha a mapepala asakutsekeni pakamwa.