Konzekeretsani ana sukulu isanatsegulire

Patchuthi ana amazolowera kugona mochedwa, choncho musadikire Lamlungu lomaliza kuti muwasinthe. Yambani kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri. Usiku uliwonse mwana azigona mofulumirirapo ndi mphindi 15 kuyerekeza ndi dzulo lake, m'mawanso azidzuka molawirirapo chimodzimodzi. Wa zaka 6 mpaka 12 amafunika tulo ta maola 9 mpaka 12. Ngati azidzuka 5 koloko kuti akakwere minibasi ya ku Limbe anthu asanachuluke pasiteji, ndiye kuti pofika 8 koloko usiku akhale atagona. Foni ndi kanema zizizimitsidwa kutatsala ola limodzi, chifukwa kuwala kwake kumachedwetsa tulo.

Chipwirikiti cha m'mawa chimayamba chifukwa chosakonzekera madzulo. Sitani yunifomu magetsi akadalipo. Tungiranitu madzi osamba m'ndowa, poti mpopi ukhoza kuuma m'bandakucha, ndipo makala akhale pafupi ndi mbaula. Makope ndi mapensulo mwana alongedze yekha m'chikwama, inu mungoyang'ana. Akatero amazolowera msanga.

Asachoke pakhomo ndi njala. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro limakhalitsa m'mimba kuposa tiyi ndi bisiketi. Botolo la madzi akumwa lisasowe, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala dzuwa likamaswa mtengo.

Ntchito ya kusukulu alembe akangopuma pang'ono, kunja kukadawala, osati atadya nsima ya madzulo pamene maso ayamba kulemera. Kwa ana a makalasi oyambirira, theka la ola ndi lokwanira.