Mmene mwini golosale angagulitsire mayunitsi ndi kulipirira anthu mabilu

Mwini golosale amene akufuna kuwonjezera malonda popanda kukulitsa sitolo angathe kuyamba kugulitsa mayunitsi a Airtel ndi TNM, komanso kulipirira makasitomala magetsi a ESCOM ndi mabilu a madzi kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Komishoni ya pa munthu mmodzi ndi yochepa, koma amene wabwera kudzagula mayunitsi a magetsi kawirikawiri amatuluka atagulanso sopo kapena shuga.

Poyamba, pitani ku ofesi ya kampani ya foni kapena kwa woiimira m'dera lanu kuti mukalembetse ngati ejenti. Tengani chiphaso cha unzika ndi mapepala a bizinesi yanu, ndipo musachoke musanafunse kuti komishoni ya ntchito iliyonse ndi ndalama zingati komanso imalipidwa liti. Ngati mpamba ukulola, lembetsani ku makampani onse awiri, chifukwa kasitomala wa Mpamba mukamubweza lero, mawa adzadutsa pakhomo panu osayima.

Mtima wa bizinesi imeneyi ndi float, kutanthauza ndalama zimene zili mu layini yanu ya ejenti. Munthu akakupatsani K5,000 kuti mumugulire magetsi, ndalama ya m'manja imachuluka koma float imatsika ndi K5,000 yomweyo. Wina akabwera kudzatapa ndalama, float imakwera koma ya m'manja imachepa. Choncho ndalama imene mwalandira pa magetsi si phindu lanu, ndi mpamba womwe uja umene wangosintha malo, ndipo uyenera kubwerera mu layini kudzera ku banki kapena kwa ejenti wamkulu. Apa ndi pamene eni masitolo ambiri amagwera: ndalama ya mayunitsi amaisakaniza ndi ya golosale m'kabati imodzi, galimoto ya zakumwa ikafika n'kutapamo kuti apikule katundu, ndipo pomadzafika madzulo, nthawi imene anthu akuweruka kuntchito n'kupeza kuti mita yatha, layini imakhala ilibe kanthu. Khalani ndi kabokosi kapadera ka ndalama zimenezi, ndipo ngakhale shuga atatha m'sitolo musakhudzemo. Phunziraninso nyengo za dera lanu, pakuti kumapeto kwa mwezi ndiponso pa tsiku la msika float imatha msanga, ndipo ndi bwino kuiwonjezera m'mawa anthu asanachuluke.

Pogulira munthu magetsi, musadalire nambala ya mita yongotchula pakamwa. Mupempheni ailembe papepala kapena akuwonetseni lisiti lakale, kenako muiwerenge mokweza iye akumva musanaike PIN, chifukwa mayunitsi akapita ku mita ya munthu wina kuwabweza ndi ntchito yaikulu, ndipo amene wataya ndalama amaloza inu chala. Tokeni ya ESCOM imakhala ndi manambala 20. Ilembeni bwinobwino m'magulu a manambala anayianayi, makamaka ngati amene watumidwa ndi mwana, kapena itumizeni pa foni ya mwini mita. Pa bilu ya madzi chitaninso chimodzimodzi ndi nambala ya akaunti, ndipo tsimikizani kuti mukulipira ku bungwe loyenera, kaya ndi Lilongwe Water Board, Blantyre Water Board kapena la m'chigawo.

Gulani kope lolembamo tsiku, nambala ya foni kapena ya mita, ndalama, ndi nambala ya uthenga wotsimikizira. Potseka sitolo, phatikizani float ndi ndalama za m'kabokosi. Zikapanda kufanana ndi zimene munali nazo m'mawa, fufuzani usiku womwewo mukadakumbukira nkhope za amene munawathandiza.

Akamberembere amakonda ma ejenti atsopano. Ena amatumiza uthenga wabodza wooneka ngati ndalama yalowa, kenako n'kuimba foni mwachisoni kuti atumiza molakwika, muwabwezere. Ena amadzitcha ogwira ntchito ku kampani ya foni n'kukuuzani manambala oti mudine. Musabweze ndalama iliyonse musanaone nokha zimene zatsala mu akaunti, ndipo PIN yanu musauze munthu aliyense, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku likulu. Foni ya ejenti musaipereke m'manja mwa kasitomala kuti adzilembere yekha nambala.

Netiweki ikavuta uthenga wotsimikizira n'kuchedwa, musafulumire kubwereza, chifukwa mungathe kulipira kawiri. Yambani mwaona ngati float yatsika. Ngati yatsika koma tokeni sinafike, lembani nambala ya foni ya kasitomala, imbirani ofesi yothandiza ma ejenti muli ndi kope lanu m'manja, ndipo muuzeni kasitomalayo nthawi yeniyeni yoti adzabwerenso kudzamva yankho.