Musanalipire Masters ya uphungu mu Lusaka

Yambirani kumapeto: mudzagwira ntchito kusukulu kapena kuchipatala? Njira ziwirizi zimasiyana kuyambira pa fomu yolembetsera. Wofuna kulangiza ana asukulu amafunika digiri ya uphunzitsi ndi kulembetsa ku Teaching Council of Zambia, bungwe lomwe linabwera ndi lamulo la 2013. Ku University of Zambia (UNZA), maphunziro otere ali ku School of Education pa Great East Road. Wofuna kuthandiza odwala matenda a m'maganizo ku Chainama Hills kapena ku chipatala chachikulu cha UTH ayang'ane ku dipatimenti ya Psychology ya UNZA, ku sukulu ya zachipatala ya UNZA yomwe ili ku Ridgeway, kapena ku Levy Mwanawasa Medical University. Laisensi yogwirira ntchito m'chipatala imachokera ku Health Professions Council of Zambia.

Apa ndi pomwe ambiri amataya ndalama. Asanalipire ngakhale ngwee imodzi, munthu afunse ku Higher Education Authority ngati yunivesiteyo ndi yolembetsedwa, komanso ngati kosi yeniyeniyo ndi yovomerezeka, chifukwa sukulu itha kukhala yololedwa pomwe kosi ina mkati mwake sinaloledwe. Kenako alembere kalata bungwe lomwe adzafuneko laisensi, kufunsa ngati omaliza kosiyo amalembetsedwa. Yankho likhale la papepala, osati la pafoni. Digiri yakunja, kuphatikizapo ya pa intaneti, idutse ku Zambia Qualifications Authority (ZAQA) kuti iyesedwe; pa milingo ya bungweli, Masters imakhala pa mlingo 9, digiri yoyamba pa mlingo 7. Satifiketi ya masabata ochepa ya uphungu woyezetsa HIV ndi yothandiza ndithu, koma siyilowa m'malo mwa digiri.

Zikalata ndi zodziwika: satifiketi ya Grade 12, digiri ndi zotsatira za mayeso ake, NRC, ndi makalata a anthu okuchitirani umboni.

Kawirikawiri Masters imatenga zaka ziwiri, choyamba cha m'kalasi, chachiwiri cha kafukufuku. Koma chimene chimaumba mlangizi ndi nthawi imene amakhala pamaso pa anthu enieni, moyang'aniridwa ndi katswiri. Funsani kuti maola amenewa ndi angati, malo amapeza ndani, ndipo woyang'anira amakumana nanu kangati. Sukulu ikayankha kuti "mudzadzipezera nokha", chenjerani. Sungani kabuku kolembamo tsiku, kutalika kwa kukambirana ndi mtundu wa vuto, popanda dzina la munthu, ndipo woyang'anira asaine sabata iliyonse. Odikira kumapeto amapeza kuti wosaina anasamutsidwa kale.

Kafukufuku amachedwetsa anthu kuposa mayeso. Simungafunse munthu ngakhale mmodzi komiti ya yunivesite yoona za chitetezo cha ofunsidwa isanavomereze. Wa zaumoyo amafunanso chilolezo cha National Health Research Authority, wa m'masukulu kalata ya DEBS (mkulu wa zamaphunziro m'boma), ndipo ofunsidwa akakhala ana, makolo avomereze kaye. Musaiwale kalendala ya sukulu: teremu yachitatu ana a Grade 12 amakhala pa mayeso, aphunzitsi aakulu sadzakupatsani mpata. Sankhani mutu wopapatiza, monga mmene atsikana obwerera kusukulu atabereka amathandizidwira m'sukulu zitatu za ku Matero, potsatira ndondomeko ya 1997 yowalola kubwerera.

Werengani malamulo awiri musanakumane ndi munthu woyamba: Mental Health Act ya 2019 ndi Children's Code Act ya 2022. Chinsinsi chili ndi malire, ndipo malirewo amanenedwa poyamba pomwe, osati mwana atalira kale. Akaulula kuti akuchitidwa nkhanza, nkhaniyo ipite ku Social Welfare kapena ku Victim Support Unit ya apolisi. Nambala ya foni yothandiza ana, 116, ikhale pakhoma la ofesi.

Mabuku onse ali m'Chingelezi, koma mayi wa ku Kanyama adzakuuzani kuti "mtima ukundiwawa" kapena "ndikuganiza kwambiri". Yesezani mafunso anu m'Chinyanja ndi m'Chibemba ndi anzanu a m'kalasi, mudzijambule mawu pafoni, mumvetsere pomwe mukudula mnzanu asanamalize kulankhula.