Agogo anu anali a Keyala ku Burma? Yambani ndi nambala yawo

M'mabanja ambiri kuno kwathu, mbiri yonse ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse imathera m'mawu anayi: "Agogo anapita ku Burma." Mukafunsa kuti anali gulu liti, ananyamuka chaka chanji, anakafika pati, aliyense amangoyang'ana mnzake. Kwathu ku Chiradzulu zinalinso choncho. Bambo a mayi anga anali msilikali wa Keyala (King's African Rifles, mwachidule KAR, gulu lankhondo la Angerezi la nthawi ya atsamunda), ndipo pamene ndinkayamba kufufuza za iwo n'kuti atatisiya kalekale. Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi: funani nambala yawo ya usilikali musanafune china chilichonse.

Dzina lokha silingakufikitseni patali. Alembi a Keyala ankalemba mayina monga momwe awamvera, l ndi r n'kumasinthanasinthana. Anyamata ambiri analembetsa ndi dzina lawo ndi la bambo awo, osati chiwongo chimene banja likudziwika nacho lero, ndipo ena ochokera ku Mozambique ankatchula mudzi wa m'Nyasaland kuti awalembe. Maboma nawonso muwafune ndi mayina a nthawiyo: Cholo, Mlanje, Kota Kota, Fort Johnston m'malo mwa Mangochi, Port Herald m'malo mwa Nsanje. Koma nambala inali ya munthu mmodzi basi. Za asilikali ambiri olembedwa m'Nyasaland zinkayamba ndi zilembo DN.

Nambalayo mukaipeza kuti? Tsegulani sutikesi yachitsulo ija imene imakhala kunsi kwa bedi la agogo aakazi. Funani buku lolandirira malipiro, chiphaso chotulukira usilikali, makalata, zithunzi, ndipo chithunzi chilichonse muchitembenuze. Mamendulo muwaone mosamala. Mukapeza nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, kansalu kake kofiira pakati, m'mbali kabuluu kodutsa mzere wa olenji, imeneyo ndi Burma Star, umboni wakuti mwini wake anagwiradi ntchito ku nkhondo ya ku Burma (lero Myanmar) pakati pa Disembala 1941 ndi Seputembala 1945. Vuto lake n'lakuti nyenyezi zimenezi ankazipereka zopanda dzina. Mwayi uli kwa amene agogo awo anapitanso ku nkhalango za Malaya, kumene mabataliyoni (magulu) a Keyala a 1 KAR ndi 2 KAR anakamenya pakati pa 1952 ndi 1954. Mendulo ya kumeneko ndi yozungulira, ya siliva, yokhala ndi kachitsulo kolembedwa MALAYA, ndipo m'mphepete mwake anadindamo nambala, udindo, dzina ndi gulu. Chonde musaikweche ndi phulusa kapena mchenga kuti iwale, mufufuta zilembo. Ipukuteni ndi kansalu kofewa, ipendeketseni padzuwa, muijambule ndi foni.

Ine nambala sindinaipeze pa pepala. Ndinaimva m'kamwa mwa mayi anga aakulu. Titakhala pakhonde akutongola chimanga, ndinawafunsa kuti, "Mayi, kodi agogo akasangalala ankayimba nyimbo zanji?" Anaseka, n'kunena kuti sankayimba, koma ankaima njoo, n'kutchula manambala m'Chingerezi, kenako sawasha. Mayiwo, amene sanapite patali ndi sukulu, anawatchula onse osaphonya. Msilikali wakale saiwala nambala yake, ndipo ana ake nthawi zambiri amaisunga osadziwa kuti n'chiyani.

N'chifukwa chake akuluakulu a m'banja muwayendere msanga, musanaganize n'komwe za ku Zomba kapena ku London. Tengani kashuga, khalani pansi, pemphani kuti mujambule mawu awo. Funso lakuti "tiuzeni za nkhondo" silibala kanthu. Funsani tating'onoting'ono. Anakwera sitima ya pamadzi kuti? Anali ndi chipsera? Ankadana ndi chakudya chanji? Anabwerera limodzi ndi yani m'mudzi muno? Kenako muziwatchulira mayina a malo limodzilimodzi, muone limene awalire nalo maso: Mombasa, Colombo, Imphal, Chindwin, Kalewa, Arakan, Ranchi.

Mayina amenewa ndi amene adzakulozereni bataliyoni. Amalawi ambiri anali mu 11th East African Division, imene inakonzekera nkhondo ya m'nkhalango ku Ceylon (lero Sri Lanka), n'kulowa m'Burma chapakati pa 1944 pansi pa Fourteenth Army ya General William Slim. M'menemo munali mabataliyoni a Nyasaland a 2, 13 ndi 22. Anapatsidwa chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula ya monsoon, nthawi imene magulu ena sankayenda n'komwe. Matope ankameza magalimoto, chakudya chinkachita kuponyedwa ndi ndege, misundu inkawayamwa magazi, ndipo malungo ndi typhus zinagwetsa anthu ochuluka. Ngakhale zinali choncho anathamangitsa asilikali a Japan, n'kulanda Kalewa pa mtsinje wa Chindwin kumayambiriro kwa Disembala 1944, kenako anakapuma ku Ranchi, m'dziko la India. Ngati kwanu amatchula Chindwin, yang'anani kumeneko. Ngati amatchula Arakan ndi gombe la nyanja yamchere, ganizirani 22nd East African Brigade, mmene munali 1 KAR. Abale a ku Zambia afune Northern Rhodesia Regiment: bataliyoni yoyamba inali ku Kabaw, yachitatu ku Arakan. Ena amene anali pa ntchito ku Southern Rhodesia analowa Rhodesian African Rifles. Musaiwalenso kuti si onse anali ogwira mfuti kutsogolo. Kunali madalaivala, a mauthenga, a mizinga ndi a chipatala, ndipo magulu awo anali ndi mayina awoawo.

Mukakhala ndi nambala ndi bataliyoni, pitani ku Zomba. Cobbe Barracks ndiye kunali kwawo kwa Keyala, ndipo 1 KAR ndi imene inasanduka Malawi Rifles mu 1964. Kumeneko ndi kumalo a asilikali, choncho yambani mwalemba kalata yofotokoza kuti ndinu ndani, mukufuna za yani, ndipo mutenge chiphaso chanu. Bungwe la asilikali opuma la VELOM lingakulozereni anthu oyenera. Ku National Archives of Malawi, komweko ku Zomba, pemphani mafayilo a ma DC okhudza kulemba asilikali ndi kubwerera kwawo cha m'ma 1945 ndi 1946. Ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ili ndi mabuku ndi zithunzi za Keyala.

Ku Britain musayembekezere fayilo ya agogo anu monga munthu payekha. Chimene chiliko ndi war diary, buku limene bataliyoni iliyonse inkalemba tsiku ndi tsiku. Za ku Burma zili ku National Archives ya ku Kew, ku London, m'gulu la WO 172. Mndandanda wake mutha kuufufuza pa intaneti ulere polemba dzina la bataliyoni ndi chaka, koma kuti muwerenge bukulo pafunika kulipira kuti akukopereni, kapena kutuma mbale wa ku London akatenge khadi yowerengera n'kujambula masamba ndi foni. Ndikuchenjezeni pasadakhale kuti mabuku amenewa amapweteka mtima. Ofesala wachizungu akavulala amatchulidwa dzina, pamene athu nthawi zambiri amangowerengedwa: asilikali awiri avulala, mmodzi wafa. Komabe musawanyoze. Amakuuzani kuti tsiku lakutilakuti gulu linali paphiri liti, linayenda mtunda wotani, mvula inagwa bwanji. Ine nditawerenga za masabata a ku Kabaw ndinamvetsa chifukwa chake agogo sankafuna kugona m'chipinda chodontha. Onaninso mapepala omata kumapeto kwa mwezi uliwonse, chifukwa nthawi zina mumapezeka mayina ndi manambala a ovulala. Ngati m'banja mukumveka zoti agogo analandira mendulo ya kulimba mtima monga Military Medal, fufuzani mu WO 373, mmene muli zikalata zofotokoza zimene munthuyo anachita.

Kwa amene sanabwerere, tsamba la pa intaneti la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali, ndi laulere. Lembani nambala poyamba, dzina pambuyo, ndipo dzinalo muliyese m'kalembedwe kosiyanasiyana. Ambiri agona ku manda a Taukkyan pafupi ndi Yangon, ndipo amene matupi awo sanapezeke mayina awo ali pa chipilala cha Rangoon Memorial m'manda omwewo, pamene palembedwa mayina pafupifupi 27,000.

Mukhozanso kupeza kuti agogo anu sanafike ku Burma. Ena anamenya ku Abyssinia (Ethiopia) mu 1941, ena ku Madagascar mu 1942, ena anathera ku Ceylon, koma kumudzi onse ankangotchedwa a ku Burma. Lembani zimene mwapezazo momwe zilili. M'kope lanu, zimene mwamva muziike mbali ina, pamodzi ndi dzina la wokuuzani ndi tsiku, zimene mwawerenga mbali inanso, pamodzi ndi nambala ya fayilo. Zikasemphana, zisungeni zonse ziwiri. Mukamaliza, kopani mapepalawo ndi mawu munajambula aja, mugawire nyumba zingapo za m'banjamo, mbumba ya kuchikazi ndi ya kuchimuna komwe.