Khansa ya lymphoma ikabwereranso: za kubwezera maselo a m'mafupa

Wodwala wa ku Kasungu akapezeka ndi lymphoma (khansa ya anabere) yofalikira msanga, monga ya mtundu wa DLBCL, amamutumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kumeneko amalandira kemo (mankhwala opha khansa) ya CHOP, nthawi zina yophatikiza rituximab, kasanu n'kamodzi, masiku 21 aliwonse. Ena amachira pomwepo. Za transplant, kutanthauza kuchotsa maselo a m'mafupa a wodwala mwiniyo n'kudzamubwezera pambuyo pa kemo yamphamvu, zimabwera pokhapokha anabere akayambiranso kutupa, kapena akakana kuphwa.

Achibale ambiri amaganiza kuti maselo obwezerawo ndiwo amapha khansa. Ayi. Chopha khansa ndi kemo yamphamvu kwambiri, yomwe imapsereza ndi mongo womwe, kumene magazi amapangidwa. Maselo aja ali ngati mbewu yosunga padera munda usanatenthedwe.

Kuno kwathu chithandizochi sichichitika. Odwala amapita ku South Africa kapena ku India. Musathamangire kugulitsa ng'ombe. Choyamba madokotala amapereka kemo ina, monga R-ICE kapena R-DHAP, kawiri kapena katatu, n'kujambulanso. Zotupa zikapanda kuchepa, kawirikawiri transplant sithandiza. Amayezanso mtima, mapapo, impso, TB ndi hepatitis B. HIV si chopinga ngati munthu akumwa ma ARV mokhulupirika, koma adokotala aone kaye mtundu wa ma ARV akewo, poti ena sagwirizana ndi kemo. Amene akufunabe ana anene msanga, chifukwa kemoyi imatha kuwononga mphamvu yobereka.

Akavomerezedwa, amabayidwa jakisoni wa filgrastim masiku 4 kapena 5 kuti maselo atuluke m'mafupa n'kulowa m'magazi. Msana ndi chiuno zimaphwanya, musachite mantha. Kenako makina amasefa magazi kwa maola 4 mpaka 6, kufuna maselo osachepera 2 miliyoni pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndipo amawasunga powaziziritsa kwambiri. Chotsatira ndi kemo yamphamvu ija, ya BEAM, ya masiku 6. Maselo amabwerera ngati dripi chabe, palibe opaleshoni. Mpweya wa wodwala umanunkha ngati adyo tsiku limenelo, chifukwa cha mankhwala osungira maselo.

Povuta penipeni ndi masiku 10 mpaka 14 otsatirawo. Asilikali a m'thupi amakhala atatheratu. M'kamwa mumachita zilonda moti ngakhale phala limakana kutsika. N'chifukwa chake anamwino amapatsa wodwala ayezi woti azibwira pamene melphalan, mmodzi mwa mankhwala a BEAM, akulowa. Kutsegula m'mimba kumabwera, magazi amawonjezedwa. Thupi likangotentha kufika 38, mankhwala opha tizilombo ayambe ola lomwelo.

Gadiyani, ntchito yanu yaikulu ili kumudzi. Wodwala asalowe m'chigafa, asasankhe fodya, asatongole chimanga cha m'nkhokwe kapena kuswa mtedza wachuku: fumbi la nkhungu lomwe ife timangoyetsemula nalo, iye lingamuwononge mapapo. Khola la nkhuku ndi mbuzi asesere ena. Madzi a pamjigo awiritsidwe, nsima ndi ndiwo adye zotentha, mkute ayi. Agone m'neti usiku uliwonse. Mwana wa nthomba kapena chikuku asamuyandikire, ngakhale ndi mdzukulu wokondedwa. Katemera amayambidwanso pakapita miyezi 6 mpaka 12, mwa dongosolo la adokotala.

Gulani choyezera kutentha kwa thupi. Chikaonetsa 38, musampatse Panado n'kudikira kuche. Pitani naye kuchipatala cha boma usiku womwewo, makalata onse a kunja ali m'manja.