Momwe mungalembere pa CV digiri ya masitazi imene simunamalize, popanda kunama

Munthu amene anayamba maphunziro a masitazi kapena a PhD n'kulekezera panjira amathedwa nzeru akafika pa gawo la maphunziro polemba CV. Zifukwa zolekezera n'zodziwika kwa tonsefe: ena fizi inawakulira, makamaka amene ankalipira ku mayunivesite akunja pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ena anadwala kapena kudwazika, ena anakhoza mayeso onse a m'kalasi koma kafukufuku wawo anaima chifukwa mphunzitsi wowayang'anira anachoka. Pamenepa ena amabisiratu zaka zimenezo chifukwa cha manyazi, pomwe ena amazilemba m'njira yoti woliwerenga aganize kuti digiriyo anaitenga. Maganizo anga ndi akuti chimene munachita muchilembe chonse, ndipo chimene simunapatsidwe munene poyera pa mzere womwewo kuti simunapatsidwe.

Musanalembe kanthu, pitani kaye ku ofesi ya registrar (yosunga kaundula wa ophunzira) ya yunivesite imene munkaphunzira, kapena ilembereni kalata, mupemphe transcript, yomwe ndi chikalata chosonyeza maphunziro onse amene munachita ndi momwe munakhozera. Ngati muli ndi ngongole ya fizi, dziwani kuti mayunivesite ambiri satulutsa chikalatachi mpaka mutalipira kapena mutagwirizana nawo za kalipiridwe, choncho yambani msanga, osadikira kuti mwayi wa ntchito utuluke. Mukafika kumeneko, funsani kuti m'mabuku mwawo mwalembedwa ngati ndani: wophunzira amene akadali m'kaundula, amene anapempha kupumira kaye, kapena amene anachotsedwa chifukwa nthawi yomalizira inadutsa. Anthu ambiri amadziyesa kuti akadali ophunzira pamene yunivesite inawachotsa kalekale, ndipo amalemba zabodza pa CV asakudziwa n'komwe.

Pali funso lina limene ambiri safunsa, koma ndilo lofunika kuposa onse: kodi zimene ndinamaliza sizikukwana satifiketi kapena dipuloma? Ku Britain, mwachitsanzo, masitazi amakhala ndi makirediti 180 (mapointi amene wophunzira amasonkhanitsa akakhoza phunziro lililonse), ndipo nthawi zambiri 60 mwa amenewa ndi a kafukufuku womaliza. Amene wakhoza makirediti 120 a m'kalasi koma sanalembe kafukufuku akhoza kupatsidwa Postgraduate Diploma, ndipo amene wakhoza 60 akhoza kupatsidwa Postgraduate Certificate. Malamulo amasiyana pa yunivesite iliyonse, kotero funsani inuyo nokha ngati dongosolo lotereli lilipo kumene munkaphunzira. Likakhalapo, vuto lanu latha, chifukwa simukulembanso za digiri yosamalizidwa koma za dipuloma yathunthu imene muli nayo m'manja, yokhala ndi dzina lake ndi chaka chake. Zimandimvetsa chisoni kuona munthu amene anavutika zaka ziwiri akuchita manyazi ndi maphunziro ake, pomwe pepala lake lenileni likanatuluka akanangopempha. Chenjezo n'lakuti ku mayunivesite ena, mukalandira dipuloma yotereyi ndiye kuti mwatseka njira yobwerera kukamaliza masitazi omwewo, choncho amene akufuna kudzabwerera afunsenso zimenezi asanasaine.

Tsopano tifike pa kalembedwe. Popeza CV kuno kwathu imalembedwa m'Chingerezi, mawu amene mungasankhe ayenera kukhala osapita m'mbali. Ngati mukadali m'kaundula ndipo mukupitiriza, lembani dzina la yunivesite, dzina la digiri, chaka chimene munayamba, kenako mawu akuti "in progress" ndi chaka chimene mukuyembekezera kumaliza. Chaka chimenecho chikhale chimene inu ndi mphunzitsi wokuyang'anirani mwagwirizana, osati chimene mtima wanu ukulakalaka. Munthu amene CV yake yakhala ikunena kuti amaliza chaka chamawa kwa zaka zisanu zotsatizana amataya chikhulupiriro cha aliyense amene anaiwonapo kawiri.

Ngati munasiya, musayambe mzerewo ndi dzina la digiri, chifukwa diso la wowerenga CV zambirimbiri limangothamanga n'kutola mawu oyamba okha. Yambani ndi mawu onga akuti "Postgraduate coursework in Economics", mutsatize dzina la yunivesite ndi zaka, monga 2019 mpaka 2021, ndipo mumalize ndi mawu akuti "degree not awarded". Pansi pake mukhoza kutchula chiwerengero cha maphunziro amene munakhoza mwa onse ofunika, komanso mayina a atatu kapena anayi amene akukhudzana ndi ntchito imene mukufunsira. Wofunsira ntchito yosanthula ziwerengero, mwachitsanzo, apindula kwambiri akatchula kuti anakhoza phunziro la njira zochitira kafukufuku. Ngati munasindikiza nkhani m'magazini a akatswiri kapena munaphunzitsako pa yunivesite nthawi imeneyo, zimenezo ndi ntchito zathunthu ndipo zilembedwe m'gawo lake. Chifukwa chimene munasiyira musachilembe pa CV.

Bodza lofala kwambiri pankhaniyi si lolemba mawu onama, koma longokhala chete. Munthu amalemba "MSc Public Health, 2018–2020" n'kusiyira pomwepo, ndipo akafunsidwa amati sananene kuti anamaliza. Koma iye mwini akudziwa kuti aliyense wowerenga mzerewo amva kuti digiri ilipo, ndipo n'chifukwa chake anaulemba choncho. Chimodzimodzinso kuika zilembo za MA kapena MBA kumapeto kwa dzina, kudzitchula "PhD candidate" pamene munachotsedwa m'kaundula, kapena kulola kuti anzanu akuntchito azikuitanani kuti adokotala inu osawakonza. Zimene mwalemba pa CV zifanane ndi zimene zili pa LinkedIn ndi pa fomu yofunsira ntchito. Fomu ikafunsa maphunziro apamwamba kwambiri amene muli nawo, yankho ndi digiri kapena dipuloma yapamwamba kwambiri imene munamalizadi n'kupatsidwa, ndipo ngati ntchitoyo ikufuna masitazi ngati chinthu chosakambirana, ndiye kuti simunakwanitse zofunikazo.

Masiku ano kufufuza mapepala n'kosavuta. Olemba ntchito amapempha satifiketi yeniyeni pa tsiku la intaviyu, ndipo ena amalembera yunivesite mwachindunji. Ku Malawi, bungwe la National Council for Higher Education limaunika mapepala a maphunziro apamwamba. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amakafuna ntchito, mapepala akunja amaunikidwa ndi bungwe la SAQA, ndipo lamulo limene linasainidwa mu 2019 limati wonama za maphunziro ake akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa mpaka zaka zisanu. M'dziko lomwelo, Pallo Jordan, mmodzi mwa akuluakulu a chipani cha ANC amene anakhalapo nduna ya boma, anatula pansi udindo wake ku nyumba ya malamulo mu 2014 zitadziwika kuti analibe digiri ya udokotala imene ankadziwika nayo. Anali munthu wowerenga kwambiri, ndipo anaphunziradi ku yunivesite kunja, koma nzeru zakezo sizinamuteteze bodzalo litaululika.

Nthawi zina kusalemba n'komwe kuli bwino. Ngati munangochita miyezi itatu, kapena maphunzirowo sakukhudzana ndi ntchitoyo, kuwasiya si chinyengo, pokhapokha fomu italamula kuti mutchule sukulu zonse zimene munalowako. Koma ngati munakhalako chaka chathunthu kapena kuposerapo osagwira ntchito ina, alembeni, popeza zaka zopanda kanthu pa CV zimadzutsa mafunso ovuta kuposa digiri yosamalizidwa.

Pa intaviyu adzakufunsani ndithu, choncho konzekeranitu yankho la ziganizo ziwiri kapena zitatu. Mukhoza kunena kuti munamaliza maphunziro onse a m'kalasi, kuti munasiya pa gawo la kafukufuku chifukwa ndalama zinavuta, ndi kuti zimene munaphunzirazo mwakhala mukuzigwiritsa ntchito m'njira yakutiyakuti. Musanyoze yunivesite kapena mphunzitsi wanu ngakhale atakhala kuti anakulakwirani, chifukwa amene akukufunsaniwo alibe njira yomvera mbali inayo. Za matenda kapena za m'banja simukukakamizidwa kufotokoza mwatsatanetsatane. Kunena kuti panali zovuta za kunyumba zimene tsopano zinatha n'kokwanira. Ngati mukufuna kudzamaliza, nenani pokhapokha mutafunsa kale ku yunivesite kuti n'zotheka. Pa tsikulo nyamulani transcript yanu pamodzi ndi satifiketi ya digiri yoyamba, ndipo funsolo likabwera muitulutse muwapatse aone okha.